Chimanga chomwecho, malamulo osiyana: mkangano wa nyambo ya mbawala ku America

Pa malire a zigawo za Ohio ndi Indiana, ku United States, pali misewu ya kumidzi imene mbali ino ndi chigawo china, mbali inayo ndi chinanso. Mlenje wa ku Ohio, ngati ali pa malo ake kapena pa malo a munthu amene wamuloleza, akhoza kukhuthula thumba la chimanga patsinde pa mtengo, kukwera pa kansanja kake, n'kudikirira kuti mbawala ibwere kudzadya. Akaiwombera, palibe mlandu. Mnzake wa tsidya la Indiana akachita zomwezo, ndi chimanga chogula mu shopu imodzimodzi, wapalamula, ndipo akhoza kulipitsidwa chindapusa. Chonsecho mbawalazo ndi zomwezo: usiku zadya ku Ohio, m'mawa zagona ku Indiana.

Munthu akafunsa kuti kodi kusaka mbawala poziikira nyambo n'kololedwa ku America, yankho limodzi kulibe. Dzikolo lili ndi zigawo 50, ndipo chilichonse chili ndi buku lake la malamulo a ulenje limene limatuluka chaka ndi chaka. Pafupifupi theka la zigawozi limaletsa nyambo, theka linalo limailola, koma mwa zolola zambiri zimaika malire: pa malo a munthu pokha, kapena m'maboma ena okha, kapena muyeso wakutiwakuti. Ngakhale ku Ohio komweko, nyambo n'njoletsedwa pa malo a boma komanso m'madera amene mwapezeka matenda.

Chifukwa chake chigawo chilichonse chili ndi lamulo lake

Ku America nyama yakutchire si ya mwini munda. Mbawala ikhoza kubadwira pa famu yako n'kukulira pomwepo, koma malinga ikadali yamoyo ndiponso yomasuka, ndi ya anthu onse a m'chigawocho, ndipo boma la chigawo limangoisunga m'malo mwawo. Khoti lalikulu la dzikolo linatsindika mfundoyi mu 1896 pa mlandu wa Geer ndi chigawo cha Connecticut. Mu 1979, pa mlandu wa Hughes ndi Oklahoma, khotilo linabweza mawu ena a chigamulo chakalecho, komabe mphamvu yoyang'anira ulenje inatsala m'manja mwa zigawo.

Boma lalikulu la ku Washington limalowererapo pa nyama zimene zimadutsa malire a mayiko. Abakha ndi atsekwe akutchire, mwachitsanzo, ali pansi pa lamulo la 1918 loteteza mbalame zosamukasamuka, ndipo kuwasaka pa nyambo n'koletsedwa m'dziko lonse. Mbawala ayi. Mbawala yotchedwa white-tailed deer, imene alenje ambiri amasaka, moyo wake wonse imathera m'dera la makilomita ochepa, choncho ndi nkhani ya chigawo.

Malamulowa anabadwa m'nthawi ya kusowa. Pofika cha m'ma 1900, osaka nyama yogulitsa m'mizinda anali atazipulula mbawalazi mpaka zinatsala zosaposa 500,000 m'dziko lonse. Zigawo zinakhazikitsa nyengo zosakira, ziphaso ndi malire a nyama zimene munthu angaphe, ndipo zina zinaletsa njira zonse zooneka ngati zophera nyama mosavuta. Lero mbawalazi zilipo pafupifupi 30 miliyoni. Zikudya mbewu za alimi, zikuthetsa mitengo ing'onoing'ono m'nkhalango, ndipo chaka chilichonse magalimoto oposa miliyoni imodzi amawombana nazo pamsewu. Vuto la maofesi ambiri a nyama zakutchire masiku ano ndi loti alenje akupha zochepa. Apa m'pamene nkhani ya nyambo imayambira kupota, chifukwa lamulo limene linalembedwa pofuna kuteteza nyama yosowa likugwira ntchito pa nyama yochuluka mopitirira.

Pali chinanso choyenera kudziwa. Maofesi amenewa amayendera ndalama za alenje eni ake: ndalama za ziphaso, ndiponso msonkho wa mfuti ndi zipolopolo umene lamulo la Pittman-Robertson la 1937 limagawira zigawo molingana ndi kukula kwa chigawo komanso chiwerengero cha ogula ziphaso. Alenje akakwiya n'kusiya kugula ziphaso, ofesi imamva m'thumba.

Nyambo n'chiyani kwenikweni?

Funso looneka lachibwana, koma milandu yambiri imagona pamenepa. Kawirikawiri lamulo limati nyambo ndi chakudya chilichonse chimene munthu wachinyamula n'kukachiika penapake kuti chikope nyama: chimanga, maapulo, karoti, maungu, mizu ya sugar beet, chakudya cha ziweto chothira molasesi. Mchere ndiye umasiyanitsa zigawo. Ku Indiana ndi ku New York, chibuma cha mchere ndi nyambo. Ku Minnesota, kumene nyambo inaletsedwa mu 1991, mchere wopanda chakudya m'kati suwerengedwa ngati nyambo, kupatula m'maboma amene ali pa chiletso cha matenda.

Kuchotsa chakudyacho sikuthetsa mlandu tsiku lomwelo, poti mbawala imabwererabe pamalo pamene inazolowera kudya. N'chifukwa chake ku Minnesota, Missouri ndi Indiana malo amatengedwabe ngati a nyambo kwa masiku 10 chakudya chitachotsedwa, pamene ku Pennsylvania ndi masiku 30. A ku Indiana amawonjezanso kuti uchotse ndi dothi lomwe ngati mchere unalowerera pansi. Ku Nebraska amayeza mtunda: usasake pa mtunda wosakwana mayadi 200, omwe ndi mamita pafupifupi 180, kuchokera pa nyambo.

Koma nachi chodabwitsa. M'zigawo zonsezi, ngakhale zokhwimitsa zinthu kwambiri, munthu akhoza kulima ekala ya chimanga, soya kapena msipu wa clover pakati pa nkhalango, osakolola, n'kumanga kansanja kake m'mphepete mwa mundawo. Cholinga chake aliyense akuchidziwa, koma lamulo limati umenewo ndi ulimi. Akhozanso kukhala pansi pa mtengo wa oak umene ukuyoyola zipatso zake, kapena pafupi ndi munda wa mlimi umene wangokololedwa. Chimanga chikakhala chili chiimire paphesi, palibe vuto. Ukachithyola, kuchitongola n'kuchiunjika pamalo amodzi, wapalamula.

Alenje osauka amadandaula pomwepa, ndipo kudandaula kwawo n'komveka. Wolima munda wa mbawala ndi munthu amene ali ndi malo aakulu, thirakitala, feteleza ndi nthawi. Wogwira ntchito m'fakitale amene ali ndi maekala asanu ndi masiku awiri a tchuthi angakwanitse thumba la chimanga basi. Kwa iye lamulo likuoneka ngati likuloleza olemera kuchita chimene likuletsa osauka.

Ku Texas ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku

Pafupifupi 95 pa 100 ya malo onse a ku Texas ndi a anthu, osati a boma, ndipo ulenje kumeneko ndi bizinesi: mwini famu amabwereketsa malo kwa alenje pachaka. Nyambo pa malo a munthu n'njololedwa, ndipo anthu sachita nayo manyazi. Chida chake ndi mgolo wachitsulo woimikidwa pa miyendo itatu, pansi pake pali kambale kozungulira ndi batire, ndi kawotchi. Nthawi ikakwana, m'bandakucha ndi madzulo, kambaleko kamazungulira kwa masekondi ochepa n'kumwaza chimanga mozungulira. Mbawala zimazolowera phokosolo moti likangomveka zimatuluka m'zitsamba, pamodzi ndi nguluwe ndi nkhukutembo zakutchire. Mlenje amakhala ali m'kanyumba kokwezeka chapatali. Nyengo ya ulenje ikayandikira, matumba a chimanga cha mbawala amaunjikidwa pakhomo pa mashopu ndi pamalo omwetsera mafuta.

A ku Texas amati m'zitsamba zaminga za kum'mwera kwa chigawocho munthu sangaone nyama pa mtunda wa mamita 20, ndiye popanda nyambo sangachepetse mbawala. Amatinso nyama yoima chilili ikudya imapatsa mlenje mpata woona ngati ndi yaikazi kapena yaimuna, yaing'ono kapena yokhwima, n'kuiwombera pamalo oyenera kuti ife msanga m'malo moti ithawe ndi bala.

Chimanga chimenechi chili ndi mavuto ake. Chogulitsira nyama zakutchire nthawi zina chimakhala chimene chalephera muyeso wa chakudya cha anthu, ndipo chikanyowa pansi chimachita chuku. Poizoni wa aflatoxin, yemwe uja amavutitsa alimi a mtedza ndi chimanga kwathu kuno, amapweteka kwambiri mbalame zimene zimatola zotsala. Mbawala imene yakhala miyezi ikudya timitengo m'nyengo yozizira ikangomeza chimanga chambiri mwadzidzidzi, m'mimba mwake mumasasa ndipo ikhoza kufa.

Mkangano wa ulemu wa mlenje

Otsutsa nyambo akalekale ankatsamira pa mfundo yoti nyama iyenera kupatsidwa mwayi wothawa, kuti mlenje weniweni amawerenga mapazi, mphepo ndi njira za nyama, osati kuiitana ndi chakudya. Mfundoyi inafalitsidwa kwambiri ndi bungwe la Boone and Crockett Club limene Theodore Roosevelt, amene pambuyo pake anadzakhala pulezidenti wa America, anayambitsa ndi anzake mu 1887. Ine ndikuona kuti pa yokha mfundo imeneyi ndi yofooka kumangirapo lamulo. Mlenje wa masiku ano ali ndi mfuti yoona patali, makamera omangirira pamtengo otumiza zithunzi pa foni, mankhwala obisa fungo la thupi, ndi munda uja wolimira mbawala. Kunena kuti zonsezi n'zaulemu koma thumba la chimanga n'lamanyazi ndi nkhani ya kumene munthu anakulira. Wa ku Texas amaona nyambo ngati chinthu wamba, wa ku Montana amaiona ngati kubera.

Chimene chinasintha nkhani yonse ndi matenda.

Pakamwa pambiri pa mulu umodzi

Mu 1994 mlenje wina anapha mbawala m'boma la Alpena, kumpoto chakum'mawa kwa dera lakumunsi la chigawo cha Michigan, ndipo inapezeka ndi chifuwa chachikulu cha ng'ombe. Ofufuza atayeza zina, anapeza kuti matendawa anali atakhazikika pakati pa mbawala zakutchire, chinthu chimene chinali chisanaonekepo ku North America. Derali lili ndi malo aakulu a magulu a alenje, ndipo kwa zaka zambiri magulu amenewa ankathira karoti, chimanga ndi sugar beet zodzaza malole m'nyengo yozizira. Mbawala zinachulukana kuposa mmene nkhalango ingazidyetsere, ndipo zinkadyera malo amodzi mphuno ndi mphuno. Kachilombo ka chifuwachi kamakhala ndi moyo kwa masabata angapo pa chakudya chozizira. Matendawo analowa m'makola a ng'ombe, mafamu ena anaphetsa ng'ombe zawo zonse, ndipo mu 2000 Michigan inachotsedwa pa mndandanda wa zigawo zopanda chifuwa cha ng'ombe. Boma linaletsa kudyetsa mbawala m'deralo n'kuwonjezera ziphaso zophera zazikazi. Pakatikati pa derali, mbawala zodwala zinatsika kuchoka pa pafupifupi 5 pa 100 iliyonse mu 1995 kufika cha pa 2. Matendawo sanathe, alipobe.

Oopsa kwambiri ndi matenda otchedwa chronic wasting disease, mwachidule CWD. Anaoneka koyamba mu 1967 pa mbawala zosungidwa pamalo ofufuzira ku Fort Collins, m'chigawo cha Colorado, ndipo katswiri wa matenda a nyama Elizabeth Williams ndiye anazindikira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kuti ndi a gulu limodzi ndi matenda a scrapie a nkhosa. Ndi gulu lomwelonso la misala ya ng'ombe imene inavutitsa Britain. Choyambitsa si kachilombo wamba koma puloteni yopindika molakwika yotchedwa prion, imene imaboola ubongo pang'onopang'ono. Mankhwala kulibe, katemera kulibe, ndipo nyama iliyonse yogwidwa imafa.

Chovuta n'chakuti mbawala imatha chaka ndi theka kapena zaka ziwiri ikuoneka yathanzi, chonsecho ikutulutsa prion m'malovu, mkodzo ndi ndowe. Pomadzaonda, kuzandima ndi kuchucha dovu, imakhala itapatsira kale zinzake. Komanso prion safa msanga. Amakakamira ku dothi n'kukhala zaka akadali woopsa. Ndiye taganizirani mulu wa chimanga, kapena chibuma cha mchere chimene mbawala khumi zimanyambita usiku uliwonse pamalo amodzimodzi chaka ndi chaka. Kwa akatswiri, kusiyana kwa munda ndi mulu kuli pamenepa: m'munda wa ekala imodzi mbawala zimamwazikana ndipo chakudya chikatha chatha, pamene mulu umathiridwanso mawa pamalo omwewo.

Lero CWD yapezeka m'zigawo zoposa 30 za United States, m'zigawo zingapo za Canada, ku South Korea, ndiponso kuyambira 2016 ku Norway. Palibe munthu amene watsimikizika kuti anadwala chifukwa chodya nyamayi, komabe bungwe la zaumoyo la CDC limalangiza anthu kuti asadye nyama yopezeka ndi matendawa.

Michigan ndi Wisconsin: kuletsa, kulola, kuletsanso

Michigan ili m'magawo awiri olekanitsidwa ndi madzi, lakumtunda ndi lakumunsi. Mu 2008 CWD inapezeka pa famu yoweta mbawala m'boma la Kent, ndipo nyambo inaletsedwa m'dera lonse lakumunsi. Zaka zitatu zitadutsa osapezanso ina, chiletso chinachotsedwa mu 2011. Mu 2015 matendawo anatulukira pa mbawala yakutchire pafupi ndi mzinda wa Lansing, ndipo komiti yoona zachilengedwe inabwezeretsa chiletso kuyambira pa 31 January 2019. Komitiyi ili ndi mphamvu zimenezi chifukwa cha voti ya anthu ya 1996, imene inati nkhani za ulenje ziziyendera nzeru za akatswiri.

Alenje ambiri sanagwirizane nazo, ndipo sanali okha. Alimi a karoti, maapulo ndi sugar beet ankagulitsa zokolola zosapita ku msika ngati nyambo, ndipo eni timashopu takumidzi ankadalira malonda amenewa m'miyezi ya October ndi November. Woimba Ted Nugent anapita ku nyumba ya malamulo ya chigawocho mu 2019 kukatsutsa chiletsocho. Aphungu anavomereza bilu yochichotsa, koma bwanamkubwa Gretchen Whitmer anakana kusainira mu December chaka chomwecho.

Ukawoloka mlatho wa Mackinac kupita dera lakumtunda, nyambo n'njololedwa kuyambira pa 15 September mpaka pa 1 January, koma ndi muyeso: magaloni awiri okha pamalo amodzi, omwe ndi malita pafupifupi 7.5, osafika ngakhale theka la ndowa, ndipo azimwazidwa pa malo osachepera mamita atatu m'litali ndi m'lifupi. Cholinga cha kumwazako n'choti mbawala zisagundanitse mphuno.

Wisconsin inasankha kuyenda boma ndi boma. CWD itapezeka mu 2002 pafupi ndi tauni ya Mount Horeb, lamulo linati nyambo iletsedwe m'boma lililonse lopezeka ndi matendawa komanso m'maboma oyandikana nalo amene ali mkati mwa mamailosi 10 kuchokera pamene nyama yodwalayo inapezeka. Mu 2017 aphungu anafewetsa lamuloli: chiletso chizitha pakapita zaka zitatu osapezanso nyama yodwala, kapena zaka ziwiri kwa boma loyandikana. Zotsatira zake n'zoti mapu a chiletso amasintha chaka chilichonse, nthawi zina nyengo ya ulenje ili mkati, ndipo maboma ambiri a chigawocho tsopano ali pa chiletso.

Ofuna nyambo ali ndi yankho lolimba pa nkhani ya Wisconsin. Kum'mwera chakumadzulo kwa chigawocho nyambo inaletsedwa kuyambira pachiyambi, koma m'madera ena pafupifupi theka la mbawala zazimuna zikuluzikulu zoyezedwa zimapezeka ndi CWD. Ku Colorado, kumene matendawa anayambira, nyambo n'njoletsedwa kalekale. Mbawala zimanyambitana, zimanunkhizana, zazimuna zimayenda mitunda pofuna zazikazi, ndipo palibe lamulo lingaletse zimenezo. Amalozanso chala ku Wyoming, kumene boma lenilenilo limadyetsa nyama za elk, mtundu wa mbawala zikuluzikulu, udzu pamalo oposa 20 m'nyengo yozizira. Akatswiri savutika kuvomereza kuti chiletso sichichiza matenda. Mfundo yawo n'njoti mwa njira zonse zofalitsira prion, mulu wa chakudya ndi imodzi mwa zochepa zimene munthu angazithetse. Pamenepa ndikuona kuti akatswiri ali ndi mfundo yabwinopo, ngakhale kuti kuyeza ndendende kuti chiletso chapulumutsa mbawala zingati n'kovuta, ndipo andale amapezerapo mwayi.

Kum'mwera akulowera kwina

Pamene matenda akufalikira, zigawo zingapo zakhala zikumasula nyambo m'malo moimanga. Georgia inailola pa malo a anthu kum'mwera kwa chigawocho mu 2011, kenako kumpoto mu 2018. South Carolina inachita chimodzimodzi kudera lake lakumapiri mu 2013. Alabama mu 2019 inasandutsa nkhaniyi malonda: wofuna kusaka pa nyambo agule chiphaso chapadera, chimene pa nthawiyo chinali madola 15 kwa nzika ya chigawocho ndi madola 51 kwa mlendo. CWD inadzapezeka ku Alabama mu January 2022 ndi ku Georgia mu January 2025.

Chimene chimakankha malamulo otere ndi mpikisano wa anthu oyandikana minda. M'zigawo zambiri kudyetsa mbawala n'kololedwa, choletsedwa ndi kuwombera pamene ukudyetserapo. Mnansi akaika mgolo wake, mbawala zonse za m'deralo zimasamukira kwa iye, ndipo womvera lamulo amakhala pa kansanja tsiku lonse osaona kanthu. Posakhalitsa nayenso amagula mgolo. Aliyense akakhala nawo, palibe amene wapindula kupatula wogulitsa chimanga. Mbawala yokhuta siyendayenda masana kufuna chakudya, ndipo ikazindikira kuti pa mulu pamanunkha munthu imabwera usiku wokhawokha, nthawi imene kusaka n'koletsedwa. Ofesi ya nyama zakutchire ya South Carolina itayerekeza madera ake awiri nyambo isanaloledwe ponseponse, inapeza kuti alenje a kudera la nyambo sankapha mbawala zambiri kuposa anzawo a kudera lopanda nyambo.

Chaka cha 2025 chinaonetsa bwino kugawikanaku. Chigawo cha Washington (osati likulu la dziko lija), chitapeza CWD koyamba pafupi ndi mzinda wa Spokane mu 2024, chinaletsa nyambo ndi kudyetsa mbawala konse. Aphungu a North Dakota m'chaka chomwecho anachita zosiyana: analanda ofesi yawo ya nyama zakutchire mphamvu yoletsa nyambo pa malo a anthu.

Amagwidwa bwanji, ndipo chilango n'chotani?

Apolisi a nyama zakutchire, amene kwathu timangoti agemu, amapeza nyambo m'njira zosavuta. Mulu wa chimanga chachikasu kapena karoti pa chipale chofewa umaonekera bwino kuchokera mu ndege yaing'ono. Njira za mbawala zonse zimaloza malo amodzi, dothi limakhala lopondedwapondedwa, ndipo nthawi zambiri amene amaimba foni ndi mnansi wokwiya. Wagemu amalemba malowo, n'kubwera m'mawa wa tsiku lotsegulira ulenje kudzapeza munthu ali pa kansanja ndi mfuti yake.

Kulowa kwa agemu m'malo a anthu popanda chikalata cha khoti nakonso kwabala milandu. Khoti lalikulu linagamula mu 1924 ndi mu 1984 kuti minda ndi nkhalango za kutali ndi nyumba sizitetezedwa ngati nyumba yeniyeniyo. Koma malamulo a zigawo zina amateteza mwini malo kuposa pamenepo, ndipo mu 2024 khoti la apilo ku Tennessee linagamula kuti agemu analakwa polowa m'mafamu a anthu awiri popanda chilolezo cha khoti.

Kwa mlenje wamba chilango chimakhala chindapusa cha madola mazana angapo, kulandidwa nyama, nthawi zina mfuti kapena uta, ndi kuimitsidwa chiphaso. Ku Minnesota wopezeka wolakwa amakhala chaka chimodzi osaloledwa kusaka mbawala. Popeza zigawo pafupifupi zonse zili mu mgwirizano wouzana za ophwanya malamulo a ulenje, woimitsidwa kwina amapeza khomo lotseka kwinanso.

Zinthu zimakula nyama ikadutsa malire a chigawo. Lamulo la Lacey la 1900 limati kunyamula nyama yophedwa mophwanya lamulo la chigawo china kupita nayo ku chigawo china ndi mlandu wa boma lalikulu. Umu ndi mmene kampani yoperekeza alenje ya Hidden Hills Outfitters, ya kufupi ndi Broken Bow ku Nebraska, inagwera m'mavuto. Inkaika nyambo pafupi ndi nsanja za makasitomala ake ochokera m'zigawo zina, mophwanya lamulo lija la mayadi 200, kuwonjezera pa milandu ina monga kusaka usiku ndi kuwombera ali pamsewu. Makasitomalawo ankabwerera kwawo ndi nyanga ndi zikopa. Anthu oposa 30 anavomera milandu, ndipo mu 2020 mmodzi wa eni kampaniyo analamulidwa kukhala m'ndende miyezi 30.